Mfundo za Msodzi pa Mawaya a Pampu

M'mawa wa tsiku limene anthu a ku Kachulu anakaika a Grain m'manda, a Dunstan anadzuka atatsimikiza kale mumtima kuchita chinthu chosayenera munthu wa imvi. Anafuna kutenga mwakabisira pampu ya gulu la alimi a tomato, limene iwonso anali membala wake, kukathirira nayo nazale yawo ya mpunga kugombe, ndi kuibweza anthu asanabalalike kumanda. Anasankha tsikulo chifukwa ankadziwa mwambo: pakagwa maliro palibe amene amaponda kudimba. Mumtima mwawo ankati kubwereka kwa maola atatu si kuba. Anthu ambiri amagwera pamenepa. Munthu akapatsa cholakwa chake dzina lofewa, amachichita mopanda mantha, ndipo woyamba kulangidwa nthawi zambiri sakhala iye.

Woyamba kulangidwa anali mayi Sophia, amake Tiyamike, mkazi wamasiye amene gulu linamusungitsa kiyi wa kanyumba ka pampu. Maliro anali Lachitatu. Lachinayi m'mawa mayiyu anatsegula loko, nadina swichi monga mwa masiku onse. Mota inang'ung'udza kamodzi, m'kabokosi ka pakhoma munamveka kuti thu, ndipo zonse zinati zii.

Dzuwa lisanakwere, atcheya a gululo, mayi Fanny, anali ataima pakhomo, manja m'chiuno.

"Munaisiya ikuyenda, inu n'kuthamangira kukaphika kumaliro," anatero. "Chitsime chinaphwa, pampu n'kumakoka mpweya mpaka kupsa. Musatizungulire, amake Tiyamike."

"Ndinathimitsa, atcheya. Lachiwiri madzulo, ndi dzanja langali."

"Loko wathyoledwa?"

"Ayi."

"Kiyi amasunga ndani?"

"Ndine."

"Ndiye tiimbe mlandu mizimu? Malamulo athu akunena poyera, sekishoni faivi: membala woononga katundu wa gulu mosasamala alandidwa ndime. Loweruka kuli miting'i. Mubwere mutakonzeka."

Ndimeyo inali ya mizere makumi awiri ya tomato amene anali atangoyamba maluwa. Chimwalirireni amuna awo, mayi Sophia ankadyetsa ana atatu ndi mizere imeneyo. Munda wina analibe.

*

A Gerishomo, amene anaika pampuyo zaka ziwiri zapitazo, anagwira ntchito ya zamagetsi ku Zomba zaka makumi atatu, kenaka anabwerera kumudzi ndi bokosi la zipangizo ndi maso ofooka. Mayi Sophia anawapeza atakhala pakhonde, akuyang'ana kunyanja, asanavule jekete ya kumaliro.

Iwo, a Dunstan ndi malemu a Grain anakulira limodzi. Ankakumbukira Kachulu wa kale, pamene malole ankaima mzere kudikira matemba, bwato la a Grain likunyamuka kupita ku chilumba cha Chisi litadzaza anthu, mbuzi ndi njinga. Injini ya bwatolo ankaikonza ndi a Gerishomo akabwera pa tchuthi, a Dunstan akuunikira ndi tochi ndi kulangiza zinthu zimene sankazidziwa. Chaka cha 1995 nyanja itaphwa, atatuwa anapalasa njinga pamatope ong'aluka mpaka ku Chisi. Pakati pa ulendo a Grain anatsika, nakhala pansi pamalo pamene kale ankaponya nangula, nalira ngati mwana. Tsopano mwa atatuwo panatsala awiri.

"Ambuye, ndithandizeni," anatero mayi Sophia atagwada pamphepete pa khonde. "Sindinaisiye ikuyenda."

"Zimenezo sindidziwa, mwananga," anayankha a Gerishomo. "Ine sindikhulupirira munthu, ngakhale wogwada. Ndimakhulupirira mita. Tiye."

Kukanyumbako anapeza mayi Fanny ndi amayi ena asanu, amene tsopano ankatunga madzi ndi ndowa kuthirira tomato. A Gerishomo anavala magalasi natulutsa mita yawo yakale yoyezera magetsi, ya muvi, yomangidwa ndi mphira.

"Magetsi amayenda ngati madzi m'ngalande," anatero. "Akasowa kumunsi, sukumba kumunsiko. Umayambira kumene achokera."

Anayeza mawaya ochokera ku sola ya padenga. Muvi unakwera bwino lomwe. Anayeza batire, napeza mavoti khumi ndi awiri ndi theka. Atatsegula kabokosi ka pakhoma ndi sikuludilaiva, anazula fyuzi naipenyetsa padzuwa. Kawaya ka mkati kanali katasungunuka.

"Mwaona!" anatero mayi Fanny. "Yapsa!"

"Fyuzi ikapsa ndiye kuti yagwira ntchito yake, atcheya. Imafa kuti zina zipulumuke. Funso ndi lakuti inaphedwa ndi chiyani."

Anamasula mawaya awiri a mota pakabokosi kuti mota ikhale payokha, naika fyuzi yatsopano. Kenaka anakoka m'chitsime chingwe cha kabotolo koyandama. Atakakweza m'mwamba, m'kabokosi munamveka kuti kha. Atakatsitsa, munamvekanso kha.

"Mverani bwino. Madzi akakhala ambiri, kabotolo aka kamayandama ndi kuuza rilei, kaswichi kamene kakulira m'kabokosimu, kuti ilole magetsi kupita ku mota. Madzi akatsika, kabotolo kamagwa, rilei imadula. Pampu iyi singakoke mpweya, ngakhale mutaisiya mwezi wathunthu."

"Mwina tsikulo kanakakamira," anatero mayi Fanny.

A Gerishomo anakweza ndi kutsitsa kabotolo kakhumi, ndipo rilei inayankha kakhumi. Amayi ena anayamba kuyang'anana.

Tsopano a Gerishomo anatembenukira ku mota. Anayesa kupotoza ndi zala mtanda wake, chitsulo cha pakati chimene chimazungulira, koma sunasunthe. Anamasula masikuluu anayi a chivindikiro cha pampu. Mkati, kawilo kokankha madzi kanali katakulungidwa ndi ulusi wa njedza, udzu wa m'madambo a kunyanja. Munalinso matope akuda ndi kachigoba ka nkhono kochepa ngati njere ya mapira. M'mbali mwa chivindikiro munali nkhungu yoyera. A Gerishomo anaipala ndi chikhadabo naika palilime.

"Chitsime chathu chili ndi mchere, atcheya?"

"Ayi. Timamwa."

"Muli njedza?"

"Ikamera bwanji m'chitsime cha njerwa?"

"Ndiye pampu iyi inapita kukamwa kunyanja. Ndipo miyendo ilibe."

*

Anthu atabalalika, a Gerishomo anaitanira mayi Sophia kuseri kwa kanyumba.

"Loko ndi wabwino. Denga silinazulidwe. Kiyi unampatsa ndani?"

"Palibe, ambuye."

"Ndiyang'ane. Ukanama pano, Loweruka ndikhala kunyumba."

Mayiyu anapukuta manja pachitenje.

"M'kanyumbamu timasungamonso makasu, piki ndi fosholo za gulu," anatero motsitsa mawu. "Pakagwa maliro adzukulu amabwereka. Lachitatu m'bandakucha a Bizweki anabwera kudzapempha kiyi. Anandibwezera madzulo."

"Nanga bwanji sunawauze atcheya?"

"Ambuye, ine nditchule adzukulu pamlandu? Mayi anga ali gone chaka chachiwiri. Akamwalira mawa, adzawakumbira ndani? Bola ndime ipite kusiyana ndi kuti maliro a mayi anga adzagone masiku atatu m'nyumba."

A Gerishomo sanamudzudzule. Ankadziwa kuti adzukulu, amuna okumba manda, akakwiya amakhala pansi pa mtengo, makasu ali pambali, mpaka banja litapepesa. Mantha a mtundu umenewu ndiwo amene anthu oipa amabisalamo, pakuti amadziwa kuti wofooka sangatchule dzina la amene adzamufune mawa.

Atachoka pamenepo, a Gerishomo anapeza a Bizweki, mkulu wa adzukulu, akusoka dengu pabwalo pawo.

"Aa, bwana magetsi!" anafuula. "Mwabwera kudzasungitsa malo? Pambali pa anzanu a Grain patsala pamodzi, pamthunzi weniweni. Ndikusungireni?"

"Mupatse wina, ine sindinathe ntchito. Zida za gulu anakatenga ndani Lachitatu?"

"Ndinatuma achimwene anu a Dunstan. Amakonda kutumidwa iwo aja, chifukwa wotumidwa sakumba."

"Kiyi anakubwezerani nthawi yanji?"

"Madzulo, titabweza zida. Anati akhale naye, ine matumba anga ndi obooka."

"Anali nanu tsiku lonse?"

A Bizweki anaseka mpaka kutsokomola.

"Anakumba nafe mpaka dzenje litafika m'mawondo. Kenaka akuti m'mimba mwatsegula. Anthu inu! Tinawaonanso bokosi likutuluka m'tchalitchi. Nkhuku yathu ya adzukulu anaiphonya. A Dunstan kuphonya nkhuku! Ndinati m'mimbamo mulidi nkhondo. Anabwera buluku litanyowa mpaka m'mawondo, matope okhaokha. Ndinawafunsa kuti kodi achimwene, chimbudzi chanu chili pakati pa nyanja?"

"Matope a mtundu wanji?"

"Akuda bii."

"Kumanda kwathu dothi ndi lotani?"

"Lofiira, ngati simudziwa. Mudzaliona bwino mukadzabwera kudzakhala." Apa a Bizweki anasiya kuseka, naika dengu pansi. "Bwanji mukufunsa zimenezi, a Gerishomo?"

"Ndikufunsa chabe."

Koma pochoka pamenepo anayenda ngati munthu wosenza thumba la mpunga.

*

Panjira ankadziuza kuti matope akuda ali ponseponse ku Kachulu, ndiponso kuti pampu singayende popanda magetsi. Batire ya gulu inali yodzaza, yomangidwa pamalo pake ndi unyolo. Wakubayo anayenera kukhala ndi batire yakeyake. Choncho anapita kudoko, kukagolosale ka a Ayuba, amene amatchaja mafoni ndi mabatire a asodzi.

A Ayuba ndi munthu wosataya mawu. Anamvetsera funso, naloza ndi chibwano pakona.

"Iyo. Ya a Dunstan."

"Inabwera liti?"

"Lero m'mawa. Yopanda kanthu."

"Si zachilendo zimenezo. Mabatire amatha."

"Lachiwiri ndinaitchaja. Inadzaza."

"Amagwiritsa ntchito chiyani?"

"Wailesi. Nyale imodzi. Imawatengera masabata awiri."

"Mwina anaonera mpira."

"Alibe kanema."

A Gerishomo anawerama. Pansi pa batireyo panali matope akuda ouma. Pamitu yake iwiri panali zipsera zakuda, monga zimakhalira munthu akagunditsa waya wopanda swichi. Ankadziwa kuti mota yokakamira imameza magetsi ngati ng'ombe yaludzu, ndipo ikhoza kupha batire pa kanthawi kochepa.

"Lachiwiri anabwera nayo nthawi yanji, a Ayuba?"

"Masana."

"Uthenga wa maliro a Grain unali utamveka?"

"Unamveka m'mawa. Anandiuza ndi iwo omwe."

A Gerishomo anagwira thebulo. Mnzawo anamva kuti a Grain amwalira, ndipo tsiku lomwelo anasenza batire kukaitchaja.

*

Lachisanu a Gerishomo anathera m'kanyumba ka pampu. Anachotsa njedza ndi matope, natsuka kawilo ndi madzi a m'chitsime. Atatsegula mota yeniyeniyo, fungo la vanishi wopsa linawalandira. Timakala tiwiri timene timapereka magetsi ku mtanda wozungulira, timene amisiri amati mabulashi, tinali titanyeka ndi kutentha. Atsopano sakanawapeza ku Songani, mwinanso ku Zomba. Choncho anachita zimene anaphunzira ali mnyamata, m'masiku amene chinthu chikaonongeka sichinkatayidwa. Anaswa batire ya tochi yakutha, natulutsa kamtengo ka khala ka pakati, nakasema ndi tupa pang'onopang'ono mpaka katalowa m'malo mwake. Mkuwa wakuda wa pamtanda anaupukuta ndi sandipepa wosalala. Mota ya bwato la a Grain yoyatsira injini anaiukitsa kawiri mwa njira yomweyi, mwini wake akuimba nyimbo za kutchalitchi kuti iwo asagone.

Dzuwa litapendeka analumikiza mawaya, naitana mayi Sophia.

"Dina."

Mota inalira bwino lomwe. Koma kupaipi kunangotuluka kamadzi kodontha, kosadzaza ndi kapu yomwe.

"Yafooka, ambuye?"

"Thimitsa."

Mota ikuima, a Gerishomo anayang'anitsitsa mtanda wake. Pachivindikiro panali muvi wosonyeza kumene uyenera kuzungulira. Mtandawo unkapita kwina.

"Ikuyenda chafutambuyo," anatero. "Mota ya mtundu uwu ukaisinthira mawaya, imatembenuka. Koma ine kukabokosi ndalumikiza molondola, waya wa mzere woyera kumene ndinamuika poyamba. Kumota nakonso ali m'malo mwake. Ndiye asinthana pati?"

Mawaya awiriwo anali akuda onse, mmodzi yekha wokhala ndi kamzere koyera koonda, kovuta kuona popanda magalasi. Pakati pa kabokosi ndi mota ankadutsa m'chidutswa cha paipi chimene a Gerishomo anaika kuti makoswe asawadye. Anakoka paipiyo. Inakana, kenaka inasolokoka.

Mkati mawaya onse awiri anali odulidwa ndi mpeni, olumikizidwanso mosinthana, ndi kukulungidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Wakubayo analibe sikuludilaiva yotsegulira kabokosi, choncho anadula. A Gerishomo anamasula mphirawo. Mmisiri wa magetsi amapota mawaya. Ngakhale mwana wa sukulu amapota. Awa sanapotedwe. Anamangidwa mfundo, mfundo yosokera ukonde, yobwereza kawiri ndi yopindira kumanzere.

Asodzi odziwa mfundo ya ukonde ku Kachulu ndi mazana. Koma woimanga ndi dzanja lamanzere, ndi kuibwereza kawiri chifukwa bambo ake ankamukwapula ikamasuka, a Gerishomo ankadziwa mmodzi yekha.

"Mwaona chiyani, ambuye?"

"Pita ukathirire," anayankha. Anadula chidutswa cha mfundozo nachiika m'thumba la jekete, nalumikiza mawaya bwino. Madzi anathamanga m'paipi, ndipo amayi kudimba analulutira. A Gerishomo sanatembenuke.

*

Nazale ya a Dunstan inali kumapeto kwa dambo, pafupi ndi pamene madzi a nyanja anabwerera m'mbuyo chaka chino. A Gerishomo anawapeza atakhala pamzere, chipewa chili m'manja. Mbande za mpunga zinali zachikasu, nsonga zitapsa, ndipo panthaka panali nkhungu yoyera.

"Mchere, achimwene," anatero a Gerishomo. "Mwezi uno madzi a m'mphepete ndi mchere wokhawokha. Inu msodzi simudziwa?"

"Ndinathirira ndi ndowa."

"Ndowa imasiya mkwasa wa paipi m'matope?"

A Gerishomo anatulutsa chidutswa cha waya nachiika pabondo la mnzawoyo.

Kutali, mbalame za m'dambo zinadzuka ndi kuteranso.

"Mbande zinkauma, Gerishomo," anatero a Dunstan. "Msana wanga sungathenso ndowa. Ndinapempha kawiri kumiting'i kuti andibwereke pampu tsiku limodzi, Fanny anandiwerengera masekishoni ake. Mbewu iyi ndi ya mayi anga, yonunkhira ija. Ndaisunga zaka makumi anayi, ngakhale chaka chimene nyanja inaphwa. Ukukumbukira tinkadya kwathu tikachokera kusukulu, iwe, ine ndi Grain?"

"Ndikukumbukira."

"Inayenda bwino theka la ola. Kenaka inayamba kubuula, kutentha, kununkha. Ndinaopa. Ndinaibweza."

"Grain tikumuimbira m'tchalitchi."

"Grain akanandimvetsa."

"Musamutchule. Batire munakatchaja thupi lake lisanazizire."

A Dunstan anagwira mkono wa mnzawo.

"Pampu wakonza, ndamva akululutira. Nanga chatsala n'chiyani? Ukanene kuti ndi makoswe, kapena dzimbiri. Iwe akukhulupirira. Tatsala awiri, Gerishomo."

"Atcheya anaona njedza ndi maso awo. Akudziwa kuti pampu inatuluka, ndipo kiyi ndi wa amake Tiyamike. Tsopano akuti anaibwereketsa mobisa. Ndime amulandabe."

"Ndi wamng'ono uja. Adzapeza pena."

A Gerishomo anachotsa mkono wawo. Mawu amenewo anawapweteka kuposa mfundo za pawaya. Kutenga pampu kunali kupusa kwa munthu wothedwa nzeru, ndipo kupusa kumakhululukidwa. Koma kuyang'ana mkazi wamasiye akulandidwa chakudya cha ana ake, n'kunena kuti adzapeza pena, kumeneko ndi kuuma kwa mtima kumene munthu amachita kusankha.

"Mawa pamiting'i muimirire nokha," anatero. "Munene ndi pakamwa panu. Ine ndidzakupepeserani, ndidzagwada ngati n'kofunika. Mukakhala chete, ndidzalankhula."

"Sungatero."

A Gerishomo anatola waya uja, namubweza m'thumba.

*

Loweruka gulu linasonkhana pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi chitsime. Panabwera anthu ambiri kuposa mamembala, pakuti nkhani inali itamveka. A Bizweki anakhala kumbuyo ndi adzukulu anzawo atatu. A Dunstan anakhala pabenchi yakutsogolo, atavala malaya oyera.

Mayi Fanny anatsegula ndi pemphero, kenaka anafotokoza mlandu.

"Pampu yathu inatuluka m'kanyumba popanda chilolezo. Loko sanathyoledwe. Amake Tiyamike, komaliza: munapatsa ndani kiyi?"

Mayi Sophia anayang'ana kumbuyo kumene kunali adzukulu, kenaka anayang'ana pansi.

"Ndilibe mawu, atcheya."

"Alipo amene ali ndi mawu tisanagamule?"

A Gerishomo anayang'ana a Dunstan. A Dunstan ankayang'ana nsapato zawo. Nkhuku inadutsa pakati pa bwalo. Mayi Fanny anatsegula kabuku ka malamulo, nanyowetsa chala.

"Popeza palibe, malinga ndi sekishoni faivi..."

"Dikirani, atcheya."

A Gerishomo anaimirira pang'onopang'ono. Anadikira kaye, kupereka mpata womaliza. Benchi yakutsogolo sinagwedezeke. Pamenepo anapita kwa a Bizweki nawapatsa chidutswa cha waya.

"Inu munali msodzi. Auzeni anthu chimene mukuona."

A Bizweki anachitembenuza kawiri. Nthabwala zonse zinawathera.

"Mfundo ya ukonde iyi. Yamanzere. Yobwereza." Anakweza mutu. "Kiyi ndinapempha ndine kwa mayiwa, Lachitatu, kuti titenge zida za kumanda. Ndinawapatsa a Dunstan. Anakhala naye tsiku lonse." Anatembenukira kwa mayi Sophia. "Inu mayi, munangokhala chete chifukwa chotiopa ife?"

Mayi Sophia anaphimba nkhope ndi chitenje.

A Gerishomo anafotokoza zotsalazo mwadongosolo, monga mmene anayezera magetsi: za matope akuda pabuluku, za batire yodzaza Lachiwiri ndi yakufa Lachinayi, za mkwasa wa paipi kunazale. Sanakweze mawu ndipo sanaonjezere kanthu.

"A Dunstan," anatero mayi Fanny, "n'zoona?"

"Ndinangobwereka," anatero a Dunstan.

"Kubwereka!" A Bizweki anadzuka. "Munatisiya m'dzenje la mnzanu, ife n'kumakumverani chisoni kuti m'mimba mwatsegula! Munabisala kumbuyo kwa khasu la adzukulu kuti mayi uyu aope kulankhula. Mawa anthu adzati adzukulu a kuno amaba pamaliro. Ayi, achimwene. Khasu lathu simudzaligwiranso."

A Dunstan anaimirira, navala chipewa. Podutsa pamene panali a Gerishomo anaima pang'ono.

"Zaka makumi asanu ndi limodzi," anatero, "wazigulitsa ndi mizere ya tomato."

"Ndinakudikirani mpaka chala cha atcheya chitafika patsamba," anayankha a Gerishomo.

Mayi Fanny anapepesa kwa mayi Sophia pamaso pa onse, mwachidule ndi mouma, monga amapepesera anthu osazolowera. Ndime inakhalabe ya mwini wake, ngakhale mizere isanu ya kumtunda inali itafota m'masiku awiri amene pampu inagona.

A Dunstan analandidwa ndime yawo tsiku lomwelo, ndipo dzina lawo linachotsedwa pa adzukulu. Mbande zonse zinauma, ndipo mbewu ya mayi awo inathera pomwepo, pakuti anali atafesa yonse. Mvula isanagwe anagulitsa njinga, nagula ukonde wakale, napita kukakhala m'zimbowera, timisasa toyandama ta asodzi pakati pa nyanja, ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zinayi ndi msana wodwala. Amabwera kudoko kamodzi pamwezi kudzagulitsa matemba. Akakumana ndi a Gerishomo, sapatsana moni.